Funsani Abusa: Banja lopanda mapepala labwera mu mpingo, nditani?

FUNSO: Abusa, ku tchalitchi kwathu kwabwera banja lina lothawa nkhondo kwawo, bambo, mayi ndi ana atatu. Chilankhulo chathu sachimva bwinobwino ndiye amangokhala pa benchi yakumbuyo, mapemphero akatha n'kunyamuka osalankhula ndi munthu. Ine mtima wanga ukufuna ndiwaitane kunyumba koma anzanga ena akuti ndisayerekeze, ati anthuwa alibe mapepala ndipo Aroma 13 imati tizimvera boma. Kodi ndikawathandiza ndichimwa?
Mayi wina wothedwa nzeru

YANKHO: Mayi, aitaneni anthuwo, musadikirenso Lamulungu lina.

Anzanuwo sakunama, Aroma 13 ilipodi ndipo boma lili ndi udindo woona amene akulowa m'dziko. Koma ntchito yofunsa pasipoti ndi ya a imigireshoni, si yanu, ndipo ine sindinaonepo vesi loti musanampatse munthu madzi akumwa muyambe mwaona chitupa chake. Pa Mateyu 25:35 Yesu akudziika yekha m'malo mwa mlendo amene analandiridwa, apa nkhani ndi yoti munam'landira kapena ayi basi. Levitiko 19:33-34 ndiye imachita kunena poyera kuti mlendo wokhala pakati panu mum'konde ngati mmene mumadzikondera, chifukwa nanunso munali alendo ku Ejipito.

Ine nkhani imene imandigwira mtima ndi ya Rute. Mkazi wamasiye wa ku Mowabu, wafika ku Betelehemu alibe munda alibe mwamuna, akungotola khunkha m'munda mwa eni ake kumbuyo kwa okolola, dzuwa lili pamutu. Bowazi, mwini mundawo, sanangomulola kutola ayi, anachita kuuza anyamata ake kuti asam'vutitse komanso azisolola ngala zina dala n'kuzisiya pansi kuti apeze zambiri popanda kuchita manyazi. Mlendo ameneyu ndi amene anadzabala Obedi, agogo ake a Davide, ndipo dzina lake lili mu mndandanda wa makolo a Yesu pa Mateyu 1:5. Yesuyo nayenso ali wakhanda Yosefe anam'thawitsira ku Ejipito usiku poopa Herode, ndiye tangoganizani akanapeza zitseko zonse zotseka.

Za mapepalazo musachite nazo mantha kwambiri. Pangano la United Nations la 1951 lokhudza othawa kwawo limati munthu wothawa zoopsa asalangidwe chifukwa cholowa popanda chilolezo, bola akadzionetsere kwa akuluakulu a boma mosachedwa n'kufotokoza chifukwa chake. Ndiye chithandizo chenicheni apa si kuwabisa kapena kuwanamira, zimenezo ndikukanizani ndithu, koma kuwafunsa modekha ngati analembetsa, ndipo ngati sanatero muwaperekeze ku ofesi yoona za othawa kwawo kapena kwa a UNHCR, bungwe la United Nations lothandiza othawa kwawo. Mwina mupeza kuti analembetsa kalekale, anzanuwo amangoganiza.

Musaonenso ngati muli nokha, mu 2016 Papa Francis anapita pa chilumba cha Lesbos ku Greece n'kubwerako pa ndege yake ndi anthu 12 othawa nkhondo ya ku Syria, onsewo Asilamu.

Lamulungu likubwerali mukakhale nawo pa benchi yakumbuyoyo. Mukafunse mayina a ana atatuwo, mukawatchule mpaka muwakhoze ngakhale lilime likane, anawo akaseka ndiye kuti mwayamba kale kucheza.