Chingwe choyenera pojambulira makaseti mu kompyuta

Achimwene a ku Ulónguè, mwafunsa chifukwa chake nyimbo za kwaya zikumveka zosweka mukalumikiza wailesi ya kaseti ku laputopu. Musataye ndalama kugula chingwe chodula, vuto lili pa bowo limene mukulowetsamo.

Malaputopu ambiri masiku ano ali ndi bowo limodzi, la mahedifoni ndi maiki pamodzi. Bowoli limalandira mawu a mbali imodzi yokha, ndipo analipangira mphamvu yochepa ya maiki. Mawu a wailesi amalichulukira, ndiye kusweka mukumvako. Ngakhale mutsitse voliyumu mu Audacity, pulogalamu yojambulira mawu pa kompyuta, sizitheka, chifukwa mawuwo amakhala ataonongekera pakhomo.

Yambani mwayang'ana kumbuyo kwa wailesiyo. Mukapeza mabowo awiri a RCA olembedwa LINE OUT, lofiira la kumanja ndi loyera la kumanzere, amenewo ndiwo abwino koposa. Akakhala palibe, gwiritsani ntchito bowo la mahedifoni lolembedwa PHONES, koma voliyumu muyambire pansi n'kumakweza pang'onopang'ono. Mawaya opita ku masipika okha musayerekeze, mphamvu yake ingathe kuwotcha polowera mawu pa kompyuta.

Kompyuta ya pa desiki sivuta. Pezani chingwe cha RCA awiri mbali ina, mbali inayo jaki ya 3.5 mm yokhala ndi mizere iwiri yakuda, mulowetse pa bowo la buluu, la LINE IN. La pinki ndi la maiki.

Laputopu imafuna kabokosi ka USB kokhala ndi mabowo a RCA olowetsera mawu, monga Behringer UCA202. Mukamafunsa m'masitolo a mu mzinda wa Tete kapena kutsidya ku Lilongwe, muonetsetse mabowowo ndi maso anu. Timabokosi tija tating'ono tokhala ndi bowo la maiki ndi la mahedifoni tingokubwezerani vuto lomweli.

Mukamva kulira kwa "mmmm" pansi pa nyimbo, ndi magetsi a 50 Hz akulowerera. Zulani chaja, mujambule laputopu ikuyendera batire. Chingwe chisapitirire mita imodzi ndi theka, ndipo chisagundane ndi mawaya a magetsi.

Mu Audacity sankhani stereo (mawu a mbali zonse ziwiri) ndi 44100 Hz. Seweretsani pamene kwaya yakweza kwambiri mawu, muone kuti mzere woonetsa kukula kwa mawu ukulekezera pa -6 dB osafika pa 0. Sungani ngati WAV (fayilo ya mawu yosapanikiza) poyamba, MP3 yotumiza pa WhatsApp mupange pambuyo. Mphindi imodzi ya WAV imadya pafupifupi 10 MB, choncho kaseti yodzaza ya C90, ya mphindi 90, ifuna malo okwana 900 MB.

Musanayambe, pukutani hedi ya wailesi (kachitsulo kowerenga tepi) ndi kagudumu ka labala kokoka tepi ndi thonje lonyowetsa mu spiriti ya isopropyl, mudikire ziume. Hedi yakuda imabanikitsa mawu ngakhale chingwe chikhale chabwino chotani. Makaseti amene akhalitsa m'katoni muwathamangitse kaye mpaka kumapeto n'kuwabwezanso, kuti tepi imasuke isakodwe m'makina.