Kugawa miyezi itatu yokonzekera LSAT

Achemwali, mwafunsa ngati miyezi itatu ingakwane kukonzekera LSAT, mayeso olowera sukulu za malamulo ku America, chonsecho masana muli kuntchito. Ingakwane ndithu, bola musayambe ndi kuthamangitsana ndi wotchi.

Sabata yoyamba lembani mayeso amodzi athunthu pa LawHub, webusaiti ya bungwe lokonza mayesowa, mudziwe pamene muli pa malikisi ake, omwe amakhala pakati pa 120 ndi 180. Kenako mwezi wonse iwalani za nthawi. Funso lililonse la Logical Reasoning (gawo lounika mitsutso) lomwe mwaphonya, lembani m'kope chimene chinakukopani pa yankho lolakwikalo. Langa lidadzaza ndi mafunso ofuna mfundo yobisika imene mtsutso watsamirapo, ndipo ndidazindikira kuti ndimawerenga mothamanga mawu ngati "ena" ndi "ambiri". Mabuku akale a logic games asiyeni, gawo limenelo adalichotsa mu Ogasiti 2024.

Mwezi wachiwiri yambani gawo limodzilimodzi, mphindi 35. Mafunso amakhala pafupifupi 25, ndiye likakukanikani kwa mphindi ziwiri, sankhani yankho, liikeni chizindikiro, pitirirani. Kulakwa sikuchotsetsa malikisi, osasiya funso lopanda yankho.

Mwezi womaliza, Loweruka lililonse lembani magawo onse anayi pa kompyuta, foni itazimitsidwa, kupuma mphindi 10 pakati pokha. Lamlungu muzikhala ndi kope lija, kuunika zomwe mwaphonya.