Mukufuna kutsegula mkombaphala? Yambani mwawerengera mwezi wa Ogasiti

Funso: Ndine mayi wa ku Chiputula, mu mzinda wa Mzuzu. Ndagwira ntchito ya ulezi pa sukulu ina ya mkombaphala kwa zaka zinayi. Malipiro amachedwa, ndipo pa tchuthi sitilandira kanthu. Ndasunga K400,000 ku banki mkhonde, komanso makolo 20 andilonjeza kuti abweretsa ana awo ndikatsegula yanga. Ndikuganiza zolipiritsa K30,000 pa teremu. Kodi ndiyambe?

Yankho: Mayi, kutonthoza mwana wolira tsiku loyamba, kuzindikira amene watentha thupi, kudyetsa gulu la ana phala osapsa, zonsezo mukuzidziwa kale ndipo ndi mpamba weniweni. Koma chimene chikukuvutani kwa abwana anu chidzakutsatirani kwanu ngati simuchiona bwino. Fizi imabwera katatu pa chaka, pomwe lendi ndi malipiro zimafuna ndalama ka 12.

Tiyeni tiwerenge ndi manambala anu omwewo. Ana 20 pa K30,000 ndi K600,000 pa teremu, K1,800,000 pa chaka. K600,000 imasangalatsa ikabwera pakamodzi mu Seputembala. Koma ya pa chakayo igaweni pa miyezi 12, mupeza K150,000 pa mwezi, ndipo apo n'kuti makolo onse alipira osatsala ndi kangongole. Pa K150,000 imeneyo pachoke lendi, bilu ya Northern Region Water Board, makala, sopo, ufa wa phala ndi malipiro a wokuthandizani. Inuyo mwatsala ndi chiyani? Mwina simufika ngakhale pa zimene mukulandira panopa. Apa ndi pamene eni sukulu ambiri amayamba kudya fizi ya teremu yamawa, alezi n'kumauzidwa kuti adikire.

Choncho mtengo musautenge poyang'ana sukulu ya pafupi. Lembani zonse zimene zimatuluka pa mwezi, malipiro anu omwe, chulukitsani ka 12, mugawe ndi ana 16 osati 20. Ndikuti 16 chifukwa wina asamukira ku Luwinga, wina bambo ake ntchito iwathera, wina analonjeza pongokusangalatsani. Nambala imene ituluke muigawe patatu, ndiyo fizi ya teremu. Makolo akaona kuti yakula, aloleni azilipira pamwezi, koma mogwirizana molemba kuti isanadutse pa 5. Pa fizi iliyonse yolowa patulani gawo limodzi mwa magawo anayi, mulisunge kwina kumene simungalikhudze. Imeneyo ndi ya Disembala, Epulo ndi Ogasiti, ana ali kunyumba koma mwini nyumba akugogoda.

Tsegulani nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba ya sukulu yokha. Ndalama ya sukulu ikasakanikirana ndi ya ndiwo, pakutha pa teremu simudziwa kumene yalowera.

Pali msampha wina wa makanda. Amayi ogwira ntchito m'tauni adzakupemphani kuti muzisunga ana a miyezi isanu ndi itatu mpaka madzulo. Ndalamayo imakopa, koma khanda limafuna manja nthawi zonse: kusintha thewera, kumwetsa, kugoneka, kubereka. Ine ndimalangiza kuti mlezi mmodzi asapitirire makanda anayi, pomwe wa ana a zaka zitatu mpaka zisanu angathe kusamala ana 15. Mukalipiritsa khanda mtengo wofanana ndi wa mwana wa zaka zinayi, ndiye kuti mukulera mwaulere. Kwa chaka choyamba yambani ndi a zaka zitatu kupita m'mwamba, aziweruka masana.

Phala ligayitseni nokha. Makapu anayi a chimanga, kapu imodzi ya soya. Soyayo muyambe mwakazinga, apo ayi phala limanunkha chiwisi ndipo limavuta m'mimba mwa ana. Mukamaika magalamu 50 a ufa pa mwana, ana 20 amatha kilogalamu imodzi pa tsiku, makilogalamu 65 pa teremu ya masabata 13. Gulani chimanga nthawi yokolola, koma muzigayitsa za milungu iwiri yokha, chifukwa chinyezi cha kuno ku Mzuzu sichichedwa kuumbitsa ufa m'thumba.

Pa K400,000 yanuyo, zidole za m'sitolo zikhale kumapeto. Zitsekerero za mabotolo, zitini zosacheka ndi timitengo zimaphunzitsa kuwerenga bwinobwino. Ndalama ipite ku mpanda ndi chitseko chotsekeka, chimbudzi cha bowo laling'ono loti mwana sangagweremo, ndowa yokhala ndi mpopi yosambira m'manja, mphasa ndi mabulangete. Mu Juni ndi Julayi simenti ya kuno imazizira ngati mwala wa mumtsinje, mwana asakhale pansi popanda choyala. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatikumbutsanso kuti sopo si pochepetsera ndalama. Mbaula ikhale kumene ana safikako.

Musanaike chikwangwani, pitani ku ofesi ya Social Welfare, amene amayang'anira sukulu zoterezi pansi pa unduna woona za ana, akuuzeni zofunika ndi kudzaona malowo. Pitaninso ku Mzuzu City Council za chiphaso cha bizinesi. Funsani komweko za maphunziro a alezi, chifukwa satifiketi yopachika pakhoma imathandiza kholo kumvetsa mtengo wanu. Wokuthandizaniyo mumulembere kalata ya ntchito, ndipo ku ofesi ya zantchito mufunse malipiro ochepetsetsa amene boma laika pakali pano. Ngati amayankhula Chitumbuka ndi Chichewa, mutengeni msanga, poti mwana wa zaka zitatu akafuna kuchimbudzi amanena m'chinenero cha kunyumba.

Ntchito yanu musaisiye mawa. Uzani makolo 20 aja alipire kandalama kolembetsera pofika mwezi wa Julayi, muwapatse lisiti. Olipira akakwana 16, perekani notisi kwa abwana anu mwaulemu, mutsegule mu Seputembala. Akapanda kukwana, bwezani ndalama zawo, yanu ikhalebe ku banki mkhonde mpaka chaka chamawa.