Kodi wolemba Chichewa wa ku Mchinji akapindula chiyani ku zikondwerero za alembi?

Aphunzitsi ena a kwathu konkuno ku Mchinji, cha ku Mkanda uko, anditumizira imelo. Dzina sinditchula koma nkhani yawo ndi iyi: amalemba ndakatulo ndi tinkhani tifupitifupi m'Chichewa, makope adzadza, ndiye amangomva pa wayilesi zoti ku Lilongwe kapena ku Blantyre alembi akumana. Akufunsa ngati n'koyenera kuwonongera thiransipoti zimenezi poti zambiri zimachitika m'Chingerezi, komanso ngati angakapezeko munthu owasindikizira buku.

Aphunzitsi, pitani ndithu. Koma za osindikizazo ndikuuzeni pachiyambi pomwe kuti mtima usakakupwetekeni pobwerera. Makampani osindikiza mabuku kuno ndalama yawo ili pa mabuku a sukulu, amene alowa pa silabasi, chifukwa amenewo ndiye amagulidwa mochuluka. Buku la ndakatulo la munthu amene sanamvekepo amaliopa, ndipo alakatuli ambiri mukuwamvawa amadzilipirira okha ku pulinta kapena amangojambula mawu n'kumatumiza pa WhatsApp ndi ku mawayilesi. Ndiye mukanyamuka ndi maganizo oti mukabwera ndi kontilakiti m'thumba mukhumudwa.

Chimene mukapezeko n'china, ndipo kwa ine n'chachikulu kuposa kontilakitiyo: anthu oti amvetsere zomwe mwalemba n'kukuuzani zoona. Kusukulu kwanuko mukalakatula pa asembule ana amaomba m'manja, ahedi amati mwatha mawu, basi, palibe angakuuzeni kuti ndime yachitatuyo yangobwereza yachiwiri, kapena kuti mwambi mwaikawo mwaukakamiza. Wolemba mnzanu amene sakukudziwani, sakudyerani kanthu, amanena. Zimawawa tsiku limenelo koma mukafika kunyumba n'kutsegula kope mumaona kuti amanena zoona.

Alembi athu otchuka anakulira momwemo. M'chaka cha 1970 ku Chancellor College, nthawi imeneyo koleji idakali ku Blantyre isanasamukire ku Zomba, ophunzira ndi aphunzitsi awo anayambitsa Writers Group. Ankakumana sabata ndi sabata, wina abweretsa ndakatulo yake, agawana makope, aiwerenga, kenako aikambirana mzere ndi mzere osanyengererana. A Jack Mapanje, a Lupenga Mphande, a Frank Chipasula anadutsa m'menemo. Ndipo inali nthawi yoti mawu amodzi amatha kukutsekeretsa, a Mapanje anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. A Writers Group aja analibe mahema kaya zimkuzamawu, chinali chipinda ndi mapepala basi.

Za Chingerezizo dandaulo lanu ndi lakale ndipo ndi lomveka. Msonkhano wotchuka wa alembi a mu Africa wa ku Makerere, ku Uganda, mu 1962, komwe kunali a Chinua Achebe, a Wole Soyinka ndi a Ngugi wa Thiong'o adakali mnyamata wa pa koleji, unali wa olemba m'Chingerezi, olemba m'zilankhulo zawo anatsala kunja. Mkangano unabuka pamenepo sunathe mpaka lero. Mu Januwale 2000 alembi anakumananso ku Asmara, ku Eritrea, n'kugwirizana poyera kuti zilankhulo za mu Africa ndi zimene ziyenera kuyankhulira Africa. Ku Hargeysa, ku Somaliland, chiwonetsero cha mabuku chinayamba mu 2008 ndipo Chisomali ndiye chimatsogola, alendo ochokera kunja amachita kuwamasulira. Ine zimenezi zimandilimbitsa mtima kwambiri, chifukwa ngati iwo anatha ife chingatikanike n'chiyani?

Komanso tisadzinyoze, kuno kwathu ndakatulo zomwe zimadzaza holo ndi za Chichewa. Chitsinda cha Ndakatulo chomwe amakonza a Poetry Association of Malawi anthu amalipira pakhomo kudzamvera alakatuli a Chichewa, kuseka, kuliza nthungululu. Pamene Chingerezi chimalamula ndi pa zokambirana za pagome lakutsogolo zija, ndipo ngakhale pamenepo mukaimika dzanja n'kufunsa funso lanu m'Chichewa palibe angakutulutseni, mungodabwa kuti oyankhawo nawo atembenukira ku Chichewa komweko.

Poyambira pabwino kwa munthu wa thumba la uphunzitsi ndi Tumaini Festival ku Dzaleka, m'boma la Dowa. Anaiyambitsa mu 2014 ndi mlakatuli wochokera ku Congo, Menes La Plume, yemwe anali othawa kwawo pa kampu pomwepo, ndipo kulowa n'kwaulere. Zoimba ndiye zimachuluka koma alakatuli amapatsidwa mpata. Kuchoka pa boma la Mchinji kufika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 110 pa msewu wa M12, kenako mukwere ya ku Dowa. Blantyre Arts Festival iliponso koma kumeneko muwerengere zogona. Lembetsaninso ku Malawi Writers Union, bungwe la alembi lomwe linayamba mu 1995, kuti za misonkhano ndi mipikisano muzizimva nthawi ilipo, osati zitatha.

Popita musanyamule makope anu aja, mungawataye mu minibasi. Sankhani ndakatulo zitatu zomwe mumazikhulupirira, mukazitayipitse pa boma, mupange fotokope zingapo, nambala ya foni pansi pa pepala lililonse. Mukafika funsani msanga amene akulemba mayina a ofuna kulakatula chifukwa mndandanda umadzadza m'mawa momwe. Yeserani kunyumba ndi wotchi ya pa foni kuti isapitirire mphindi zitatu, anthu amatopa ndi mlakatuli amene wakakamira maiki. Ndiye nthawi yopuma, ena akamathamangira kokajambulitsa ndi anthu otchuka, inu pezani wolemba mmodzi amene mawu ake anakugwirani mtima, mumupatse pepala lanu, mumupemphe kuti akawerenga akuuzeni pamene pafooka. Alawansi musayembekezere, sizili ngati mawekishopu a mabungwe aja.

Chomwe chimandiwawa ine n'choti zonsezi tizichita kukwerera minibasi. Mchinji muno muli aphunzitsi a Chichewa m'masekondale monse, muli achinyamata olakatula m'matchalitchi ndi m'maukwati, muli agogo osunga nthano ndi zilapi, tili ndi wayilesi ya Mudzi Wathu. Chipata, ku Zambia, ili pafupi kuposa Lilongwe, ndipo anzathu a tsidya lija la Mwami amaphunzira Chinyanja m'sukulu, amalembanso. Chaka ndi chaka mu Ogasiti timawolokera limodzi ku Mkaika, ku Katete, ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, koma kukumana pa nkhani ya zolemba ayi.

Ndiye mukabwerako, aphunzitsi, kapempheni chipinda ku TDC (malo ochitira maphunziro a aphunzitsi) ya zoni yanu Loweruka limodzi pa mwezi. Itanani anthu ochepa amene amalembadi, aliyense abwere ndi pepala lake ndi makope a anzake, lamulo likhale loti palibe kuomba m'manja musanakambirane. Muyambe anthu akatha kukolola mtedza ndi soya, misewu ya ku Mkanda itauma. Mukakhazikitsa tsiku mundidziwitse pa imelo yomweyi, ndibwera ndi yanga kuti muyambire kukhadzula imeneyo.