Mwana asagone ndi njala chifukwa cha sikelo

Mayi wina wanditumizira imelo yomwe yandikhudza kwambiri. Mwana wawo wamkazi ali ndi zaka 11, ndipo atamuyeza kuchipatala anawauza kuti wanenepa kupitirira muyezo. Bambo ake akuti azimanidwa chakudya chamadzulo mpaka thupi litsike. Mayiwo, amenenso ali ndi thupi lalikulu kuyambira kale, akufunsa ngati avomere.

Mayi, musavomere. Ndayamba ndi yankholi chifukwa nkhaniyi ikandigwira ndimapita nayo kutali.

Ine ndinakula ngati mwana wanuyo. Makolo anga ankandikonda ndi mtima wonse, ndipo chikondi chomwecho ndi chimene chinawachititsa kuti mbale yanga izisiyana ndi za abale anga. Iwo akamawonjezera, ine ndinkangoyang'ana. Thupi silinatsike. Chimene ndinaphunzira ndi kudya mobisa, mofulumira, ndili chiimire, khutu lili kukhomo. Ndinaphunziranso kunama, ndipo bodza loyamba lomwe ndimakumbukira linali la chakudya. Tsiku lina kusukulu anatiyeza tonse pamzere, woyezayo n'kutchula makilogalamu anga mokweza, anzanga n'kuseka. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuthamanga pagulu, ngakhale kuti masewera ndinkawakonda kuposa china chilichonse. Taonani mmene zinayendera: manyazi amene ankati andithandiza ndi amene anandichotsa pabwalo n'kundikhazika pansi.

Nditakula ndinapitiriza ndekha zimene anandiyambitsa. Ndinkadzimana mpaka mutu kuwawa, thupi n'kutsika, anthu n'kundiyamikira, kenako pakapita miyezi zonse n'kubwerera ndi zowonjezera. Ndikapita kuchipatala ndi chifuwa kapena bondo, ndinkatuluka ndi mawu amodzi okha akuti ndichepetse kudya, ngati kuti maganizo amenewo anali asanandifikepo. Mpaka ndinakumana ndi dokotala wina amene anayamba wandifunsa ngati ndingalole kuti tikambirane za kulemera kwa thupi langa. Anandifunsa za tulo, za mankhwala amene ndinkamwa, za achibale odwala shuga, za mmene ndimadyera ndikakhumudwa. Anandiyeza magazi ndi kuthamanga kwake, n'kundipatsa tsiku loti ndibwererenso. Nditatuluka ndinalira, chifukwa aka kanali koyamba kuti munthu aone vuto langa ngati matenda ofunika chisamaliro.

Dokotalayo ndi amene anandifotokozera chifukwa chake njala imakula munthu akaonda. Mu 1994, gulu la asayansi la Jeffrey Friedman ku Rockefeller University, ku America, linatulukira homoni (chinthu chomwe thupi limapanga chotumiza uthenga kudzera m'magazi) yotchedwa leptin, yomwe imachokera m'maselo a mafuta n'kumauza ubongo kuchuluka kwa mafuta amene thupi lasunga. Mafuta akachepa, leptin imatsika, ubongo n'kuganiza kuti kwagwa chilala. Ina ndi ghrelin, yochokera m'mimba, yomwe imadzutsa njala. Kafukufuku wa ku Melbourne, ku Australia, wofalitsidwa mu 2011 anapeza kuti patatha chaka anthu ataonda, mahomoni amenewa anali asanabwerere m'malo, ndipo anthuwo ankamva njala kwambiri kuposa poyamba. Munthu wamkulu wodziwa zimene akuchita amalephera kulimbana ndi zimenezi. Nanga kamtsikana ka zaka 11 kogona m'mimba muli pululu?

N'chifukwa chake mawu akuti "ulesi" ndi "dyera" sindiwalolanso pankhaniyi, kaya atuluke pakamwa pa kholo, mphunzitsi kapena wachipatala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mu 2022 munthu mmodzi mwa 8 alionse padziko lapansi anali wonenepa kwambiri, kuphatikizapo ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 19 okwana 160 miliyoni. Ana onsewa sanapangane kuti akhale aulesi. Chibadwa chochokera kwa makolo chilipo, zakumwa zodzaza shuga zili paliponse, tulo tachepa, ndipo maola amathera pa foni. Palinso mankhwala amene amanenepetsa, monga prednisolone, olanzapine ndi sodium valproate, ndipo wowamwa sayenera kuwasiya yekha koma akambirane ndi dokotala.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi anthu amene amadyera pamanyazi a anzawo. Amagulitsa tiyi, timapilisi ndi malamba pa Facebook, akulonjeza kuti mimba iphwa m'masiku ochepa. Zina mwa zinthuzi zapezeka kuti muli sibutramine, mankhwala amene anachotsedwa pamsika ku Ulaya ndi ku America mu 2010 chifukwa ankawonjezera ngozi ya matenda a mtima ndi sitiroko. Mwana musamupatse zoterezi ngakhale pang'ono, ndipo inunso musamwe.

Mankhwala enieni alipo. Jakisoni wa semaglutide, pa kafukufuku wa mu 2021, anachepetsa kulemera kwa akuluakulu ndi pafupifupi 15 peresenti m'masabata 68. Koma amene anasiya kubaya anabwezeretsa pafupifupi magawo awiri mwa atatu a makilogalamu amene anataya pomwe chaka chinkatha. Kwa ine umenewu ndi umboni woti vutoli ndi lokhalitsa ngati BP: chisamaliro chake sichitha ndi mwezi umodzi. Ena amanyoza omwe akubaya jakisoni kapena ochitidwa opaleshoni ya m'mimba kuti asankha njira yachidule. Ndikukana. Wodwala shuga akamabaya insulin palibe amene amamunena choncho.

Za mwana wanu

Kwa akuluakulu, BMI, nambala yoyezera kunenepa, imapezeka pogawa makilogalamu ndi kutalika kwa munthu m'mamita kawiri motsatizana, ndipo ikafika 30 amati munthu wanenepa kwambiri. Kwa mwana nambala ya 30 sigwira ntchito. Yake amaiona patchati yoyenderana ndi zaka zake komanso ngati ali mnyamata kapena mtsikana, choncho pemphani kuti akusonyezeni pamene iye ali ndi mmene wakhala akukwerera. Pemphaninso kuti amuyeze kuthamanga kwa magazi, shuga, mafuta a m'magazi ndi chiwindi. Auzeni ngati amaliza mkonono kwambiri kapena kubanika kutulo, ngati mawondo kapena chiuno zimamupweteka, komanso ngati khungu la kumbuyo kwa khosi lada n'kukhuthala. Ambiri amayesa litsiro n'kumamukwecha mwana mpaka kulira, pomwe kawirikawiri n'chizindikiro choti thupi silikumvera bwino insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi. Ngati akunenepa koma sakutalika, zimenezo zimafuna kufufuza mahomoni, monga a chithokomiro.

Mwana wa msinkhu umenewu akukulabe. Nthawi zambiri cholinga choyamba chimakhala choti kulemera kusamakwere mofulumira pamene iye akutalika. Zosintha zikhale za nyumba yonse: chakudya chimodzi kwa onse, panthawi yake, chamadzulo chomwe, madzi m'malo mwa zakumwa zotsekemera, kugona mokwanira, ndi kusewera mpaka thukuta kwa mphindi 60 patsiku monga WHO imalangizira. Madokotala a ana a ku America, m'malangizo awo a mu 2023, amati chithandizo chomwe chimaoneka kuti chikugwira ndi chokumana ndi banja lonse kwa maola 26 kapena kuposerapo m'miyezi 3 mpaka 12. Mankhwala amawaganizira kuyambira zaka 12, ndipo opaleshoni kuyambira zaka 13 kwa amene vuto lawo ndi lalikulu kwambiri. Mwana wanu sanafike pamenepo.

Bambo ake apite nawo kuchipatalako akamve okha. Ndikukhulupirira kuti akunena zimenezi chifukwa cha mantha, ndipo mantha amenewo akhoza kuwagwiritsa ntchito poyenda ndi mwana wawo madzulo alionse.

Inunso mayi mwadzitchula m'mzere umodzi wokha, koma ndakuonani. Simuyenera kuonda mpaka kusintha nkhope kuti mupindule. Kuchepetsa 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwanu kumatsitsa kale BP ndi shuga. Pa kafukufuku wa Diabetes Prevention Program wa mu 2002, anthu omwe anali pafupi kudwala shuga, amene ankayesetsa kutaya 7 peresenti ndi kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 pamlungu, anachepetsa chiopsezo cha matendawa ndi 58 peresenti. Mukapita ndi mwanayo, pemphani kuti nanunso akuyezeni. Ndipo mukadzaona kuti wayamba kubisa chakudya, kudumpha nthawi ya kudya kapena kudzisanzitsa, musadikire tsiku limene anakupatsani, bwererani naye msanga.