Musawonjezere mabatire, yambani mwayeza zimene bolodi ikudya ili mtulo

Achimwene, mwati ESP32 yanu (kakompyuta kakang'ono kokhala ndi WiFi) yoyeza madzi m'thanki mwaipatsa batire limodzi la lithiamu la mtundu wa 18650, imadzuka pa mphindi 30 zilizonse n'kutumiza uthenga pa WiFi, koma pasanathe masabata awiri batire limakhala latha, ndipo nthawi zina imazima n'kuyakanso yokha. Mukufunsa ngati muwonjezere mabatire kapena mugule sola yaikulu. Ine ndikuti musagule kaye chilichonse. Magetsi anu akuthera m'tulo, osati pa ntchito.

Tiyeni tiwerengetsere. Tiyerekeze kuti ikadzuka imagwira ntchito masekondi 5 ikukoka 150 mA. Mukagawa zimenezo pa mphindi 30, ndi pafupifupi 0.4 mA basi. Chip ya ESP32 payokha ikalowa mu deep sleep (tulo tofa nato, mbali zake zambiri zitazima) imakoka cha m'ma 10 µA. Koma ngati mukugwiritsa ntchito bolodi ya DevKit yogula kale, yang'anani kachipangizo kakuda ka miyendo itatu kamene kali pafupi ndi pobayira USB. Kakalembedwa AMS1117, wakuba wanu ndi ameneyo. Regulator imeneyi, yomwe ntchito yake ndi kutsitsa magetsi kuti akhale 3.3 V, imadya pafupifupi 5 mA usana ndi usiku ngakhale palibe chikugwira ntchito. Onjezani ka LED kofiira kosazima kaja ndi chip ya USB, CP2102 kapena CH340, muona kuti batire la 2500 mAh silingafike mwezi. AMS1117 yokha ingalimalize m'masiku 21.

Kuzimazima kuja nakonso n'kochokera pomwepo. AMS1117 imafuna kuti magetsi olowa apitirire otuluka ndi 1 V n'kanthu, pomwe 18650 yodzaza imangofika 4.2 V n'kumatsika. WiFi ikamatumiza, ESP32 imakoka mwadzidzidzi mpaka kuyandikira 500 mA, 3.3 V ija imagwa, ndipo pa serial monitor ya pa kompyuta mumaona uthenga wa brownout, kutanthauza kuti magetsi atsika kwambiri.

Ndiye chitani chonchi. Tengani module ya ESP32-WROOM yokha, yopanda USB ndi LED, muipatse regulator yodya pang'ono koma yotha kupereka 500 mA kapena kuposa. RT9080 ya 3.3 V ndi imene ndimaikonda: imapereka 600 mA ndipo payokha imadya cha m'ma 2 µA. Ikasowa, AP2112K kapena ME6211 zimagwira bwino, ngakhale zimadya timakumi ta µA. Ena akuuzani za MCP1700 kapena HT7333. Ndi zabwino kwambiri pa ma chip ena ngati ATmega328P kapena STM32, koma zimathera pa 250 mA, choncho pa WiFi ndi zapamalire. Ikani capacitor ya 100 nF ndi ya 10 µF pafupi penipeni ndi mwendo wa 3V3, ina yaikulu ngati 470 µF pambali pake, ndipo mawaya ochokera ku batire akhale aafupi.

Pali tinthu tiwiri timene ambiri amatiiwala. Ngati mukuyeza batire ndi ma resistor awiri a 100k, amenewo akumwa 21 µA nthawi zonse, kuposa chip yogona. Ikani a 1M awiri ndi capacitor ya 100 nF pa mwendo wa ADC, umene ESP32 imayezera batire. Sensa yanu nayonso isamakhale yoyaka tsiku lonse. Idutsitseni pa MOSFET, ka switch koyatsidwa ndi ESP32, kuti iziyaka pokhapokha ikamayeza.

Za sola, kapanelo ka 6 V n'kokwanira mukakonza izi. Chonde musalumikize panelo ya 12 V ku TP4056, kabolodi kotchajira batire, chifukwa padzuwa imatulutsa 18 V kapena kupitirira pomwe TP4056 malire ake ndi 8 V, ipsa pomwepo. Gulani TP4056 yokhala ndi chitetezo cha DW01, ya mabowo a OUT+ ndi OUT-. Nkhani ya kutentha musaipepuse: lithiamu safunika kutchajidwa kukatentha kupitirira madigiri 45, ndipo kabokosi kotseka kali pamwamba pa thanki mu Okutobala kamafika pamenepo mosavuta. Kaikeni pamthunzi, panelo yokha ndiyo ikhale padzuwa. Mukapeza batire la LiFePO4 la 3.2 V, limapirira kutentha bwino ndipo lingadyetse ESP32 popanda regulator, koma limafuna chotchajira chake choima pa 3.6 V.

Batire lolembedwa 9900 mAh musalikhulupirire, 18650 yeniyeni imathera cha m'ma 3500 mAh. Ochotsa m'mabatire akale a laputopu amathandiza, bola muwayeze limodzilimodzi.

Musanasinthe kalikonse, ikani multimeter, itatcheredwa poyeza mA, pakati pa batire ndi bolodi. Yambani mwalumikiza miyendo yake iwiri ndi kawaya kuti bolodi iyake bwino, ikagona chotsani kawayako muwerenge. Tiuzeni nambala imene mwapeza ndi dzina la sensa yanu, tikuthandizeni kusankha MOSFET.