Gitala yamagetsi yodzipangira nokha: yambirani pa khosi, thupi lidikire

Sabata yatha ndalandira imelo iyi kuchokera kwa mmodzi mwa owerenga, ndipo ndaifupikitsako pang'ono: "Ndine kalipentala, matebulo ndi makabati ndapanga kwa zaka zambiri, ndipo gitala ndimaimbako. Ndili ndi thabwa lokongola la mahogany limene ndakhala ndikusunga. Ndajambula kale gitala imene ndikufuna, yosafanana ndi ina iliyonse. Router ndilibe, koma jigsaw, dirilu, pulena ndi matchizulo ndili nazo. Kodi zingatheke? Nanga ndi mtengo uti umene umatulutsa mawu okoma kwambiri?"

Zingatheke, achimwene, ndipo si inu oyamba. Leo Fender anali wokonza mawailesi ku Fullerton, California, ndipo gitala sankaimba n'komwe. Imene anatulutsa mu 1950, imene mu 1951 inatchedwa Telecaster, ndi thabwa lathyathyathya basi, khosi lomangirira ndi masikuluwu anayi. Brian May wa gulu la Queen anayamba kupanga yake mu 1963 pamodzi ndi bambo ake kunyumba, khosi analisema ku thabwa lakalekale limene linali pamwamba pa malo owothera moto m'nyumba, ndipo ndiyo wakhala akuimba moyo wake wonse.

Koma chithunzi mwajambulacho chiikeni kaye m'dirowa. Aliyense woyamba amathamangira thupi, chifukwa ndilo limaoneka, ndipo kwa munthu wodziwa matabwa ngati inu thupi ndi ntchito ya masiku awiri. Gitala yeniyeni ili pa mzere umodzi wowongoka wochokera kumutu kukafika pa bridge, pamene nsambo zimatsamira. Zonse zimene zili pa mzere umenewo zimafuna muyeso umene tebulo silinakufunseniko. Mwendo wa tebulo ukafupika ndi milimita imodzi palibe amadziwa. Fret, kachitsulo kopingasa pa khosi kamene mumadinirapo nsambo, ikasuntha ndi theka la milimita, khutu limamva, ndipo lidzamva tsiku lililonse mpaka gitalayo mudzaipachike pakhoma.

Chiyambi cha zonse ndi kutalika kwa nsambo pamene imanjenjemera, kuchokera pa nut, kachidutswa ka timipata kamene nsambo zimadutsapo kumutu kwa khosi, kufika pa bridge. Magitala ambiri a Fender ndi mainchesi 25.5, amene ndi mamilimita 648. A Gibson ndi mainchesi 24.75, pafupifupi mamilimita 628. Yaitaliyo nsambo zimakungika kwambiri ndipo mawu amamveka owala. Yaifupiyo imafewa m'zala. Sankhani imodzi lero lomwe, chifukwa malo a fret iliyonse, a bridge ndi a ma pickup (timaginito totola mawu a nsambo) amachokera pa nambala imeneyi. Masamu ake ndi awa: gawani kutalikako ndi 17.817, ndipo yankho ndi mtunda wochokera pa nut kufika pa fret yoyamba. Pa 648 mupeza mamilimita 36.37. Chotsani 36.37 pa 648, zotsalazo gawaninso ndi 17.817, mupeza 34.33, mtunda wofika pa fret yachiwiri. Muzitero mpaka kumapeto. Fret ya nambala 12 iyenera kugwera pakati penipeni, pa mamilimita 324. Ikapanda kugwera pamenepo, mwaphonya penapake. Mukafika pa fret ya 21 ndi 22 mpata watsala mamilimita osakwana 11, pomwe mzere wa pensulo ya kalipentala paokha ungathe kukula milimita yathunthu. Ndiye polemba gwiritsani nsonga ya mpeni, ndipo fret iliyonse muziiyeza kuchokera pa nut, osati kuchokera pa inzake, kuopa kuti kulakwitsa kungamawunjikane.

Ndanena zonsezi kuti mumve chimene chikuchitika, koma malangizo anga ndi akuti pa gitala yoyamba khosi mugule lopangapanga. Ndikudziwa kuti mmisiri zimenezi zimamuwawa. Ngati mtima ukukana ndithu, gulani thabwa la pamwamba pa khosi lodulidwa kale timipata ta ma fret, zina zonse musemere nokha. Mukatero musaiwale truss rod, chitsulo chimene chimagona m'kati mwa khosi. Nsambo zisanu ndi imodzi zopepuka zimakoka ndi mphamvu ya makilogalamu oposa 40, usana ndi usiku, ndipo mtengo pawokha umagonja m'kupita kwa nthawi. Chitsulocho chimakulolani kubweza khosi pomanga kapena kumasula pang'ono. Ngalande yake iyenera kukhala pakati penipeni ndiponso yothina, apo ayi chizidzalira m'kati mukamaimba.

Tsopano dongosolo la ntchito, pamene ineyo ndinagwa. Pa gitala yanga yoyamba ndinatsatira pulani ya papepala mwachikhulupiriro. Ndinadula thupi, ndinaboola mabowo a bridge pamene pulani inanena, kenako ndinakumba malo olowa khosi. Malowo anapendekera pang'ono kwambiri, moti ndi maso sindikanaona. Tsiku lomanga nsambo, ya E yaing'ono, yowonda kuposa zonse, inayamba bwinobwino kumutu, koma pofika cha pa fret ya 15 inali itafika m'mphepete, ndipo ndikangoikhudza inkagwera kunja n'kulira ngati mwana wa mphaka. Mbali inayo kunali mpata woti n'kuikapo nsambo yachisanu ndi chiwiri. Ndinatseka mabowo aja ndi timitengo ndi guluu, n'kuboola ena, ndipo thabwa limene ndinalisankha chifukwa cha mizere yake yokongola ndinalipaka penti yakuda kuti zigamba zisaoneke. Ilipobe mpaka pano, ndipo alendo amaiyamikira kuti yakudayo ndiye yokongola. Ine ndimangoti zikomo.

Chitani chonchi. Thabwa likadali la makona anayi, lisanadulidwe maonekedwe aliwonse, lembani mzere wa pakati. Kumbani malo a khosi poyamba, khosi lenilenilo lili m'manja mwanu, osati muyeso wake wa papepala. Lilowetseni, ligwireni ndi kilampu, ndipo gonekani rula yaitali mbali iyi ya khosi ndi inanso mbali inayo, mizere yake ipitirire mpaka kumunsi kwa thupi. Pakati pa mizere iwiriyo ndi pamene pali pakati penipeni pa bridge, ngakhale patasemphana pang'ono ndi mzere munalemba poyamba uja. Kenako yezani kuchokera pa fret ya 12 theka la kutalika kwa nsambo, amene ndi mamilimita 324 ngati mwasankha 648. Tizitsulo timene nsambo zimatsamira timayenda kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo pochuna timabwerera m'mbuyo nthawi zonse, ka nsambo yaikulu kuposa tonse, choncho ikani bridge moti pa muyeso umenewo ka nsambo yaing'ono kakhale katatsala pang'ono kufika kumapeto a kutsogolo. Musanaboole, kokani ulusi uwiri kuchokera pa nut m'malo mwa nsambo ziwiri za m'mphepete, muone ndi maso kuti mpata ndi wofanana mbali zonse.

Za router, makina okumbira maenje m'thabwa aja: malo a ma pickup ndi a mawaya mungathe kukumba ndi dirilu yoikidwa nsonga ya Forstner, yoboola dzenje losalala pansi, n'kumaliza ndi tchizulo, chifukwa zimabisika pansi pa chivundikiro. Malo a khosi ndiye nkhani ina. Pa khosi la mtundu wa Fender amazama mamilimita 16, ndipo pansi pake payenera kukhala posalala ndithu, chifukwa kukwera kapena kutsika pang'ono pamenepo kumasanduka mamilimita angapo pa bridge. Ndi tchizulo chakuthwa ndi kuleza mtima zimatheka, koma ngati pali poti mubwereke router ya tsiku limodzi, bwerekani. Pangani chikombole cha MDF, muchiyese pa thabwa lachabe kawiri kapena katatu, ndipo podula muzitsika mamilimita atatu ulendo uliwonse. Mukakhoza, khosi limalowa ndi kukankha kwa chala chachikulu, ndipo mutha kunyamula thupi mutagwira khosi popanda sikuluwu ngakhale imodzi. Khosi lomata ndi guluu ngati la Les Paul, gitala ya Gibson, lisiyeni kaye. Limafuna kupendeketsa pa ngodya yoyenera, ndipo mukalakwitsa simungamasule.

Funso lanu la mtengo ndi limene oimba amakanganirana mpaka kutha mawu. Maganizo anga ndi akuti pa gitala yamagetsi mtengo uli ndi mbali yake, koma yaing'ono poyerekeza ndi ma pickup, malo amene mwawaika, nsambo, ampu ndi zala za woimba. Pickup imamva kunjenjemera kwa chitsulo cha nsambo pamwamba pa maginito, thabwalo silimva mwachindunji. Fender ankagwiritsa ash, mu 1956 anayamba alder pa magitala ambiri, Gibson Les Paul ya 1952 inali mahogany yokhala ndi maple pamwamba, ndipo a kampani ya Danelectro ankapanga zawo ndi Masonite, bodi la ulusi wa mitengo wopanikizidwa, koma anthu amazikondabe. Mahogany yanuyo ndi yabwino, musakayike. Chimene ndingakufunseni ndi kuuma kwake ndi kulemera kwake. Thabwa la chida choimbira limafunika chinyezi cha pakati pa 6 ndi 8 peresenti. Laliwisi limapindika gitala itatha kale. Ndipo gitala yonse ikapitirira makilogalamu anayi, phewa limayamba kudandaula nyimbo zisanathe. Thupi limakhala lochindikala pafupifupi mamilimita 44.

Apa ndiye tulutsani chithunzi chanu chija. Maonekedwe ndi anu, koma chiduleni kaye pa pulaiwudi, mukhale nacho pampando, muone ngati chikukhazikika pa ntchafu ndiponso ngati dzanja likufika ku ma fret a kumunsi. Onaninso pamene lamba adzakolekedwe. Nyanga yapamwamba ya thupi la Stratocaster, gitala ya Fender imene inatuluka mu 1954, si yokongoletsa chabe: imafikitsa kokolekera lamba cha pa fret ya 12, ndiye gitala imakhazikika. Nyangayo ikafupika kwambiri, mutu umangogwera pansi ndipo dzanja lamanzere limagwira ntchito ziwiri, kuimba ndi kunyamula.

Zamagetsi zimaopsa anthu pachabe. Pickup ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa wowonda ngati tsitsi, maulendo pafupifupi 8,000 pa ya Stratocaster. Gulani zopangapanga. Ya koyilo imodzi imamveka mowala koma imatola kulira kwa magetsi a m'nyumba. Humbucker, imene Seth Lover anapangira Gibson ndipo inayamba kuikidwa pa Les Paul mu 1957, ili ndi makoyilo awiri amene amafafaniza kulirako. Zopotokola za voliyumu ndi toni zimakhala za 250k pa koyilo imodzi, 500k pa humbucker. Chimodzi chokha musaiwale: kabowo kopitira waya kuchokera ku bridge kukafika ku ground, polumikizira mawaya ochotsa kulira kwa magetsi. Boolani musanapake chilichonse. Popanda waya ameneyo gitala imangoti ng'ung'ung'u, ndipo kuboola thupi lopakapaka n'kowawa mtima. M'kati mwa maenje a mawaya matani pepala la kopa, nalonso lilumikizidwe ku ground.

Kupaka sindikhalitsapo, mukukudziwa kuposa ine. Nitrocellulose, vanishi ya magitala akale, imafuna makina opopera, malo opita mphepo ndi milungu ingapo kuti iume, ndipo imagwira moto msanga. Pa mahogany yokongola ine ndingapake mafuta a matabwa, opyapyala, kangapo. Pokwecha ndi sandipepa valani chotchinga mphuno, fumbi la mahogany ndi rosewood limayabwa pakhungu ndi m'chifuwa.

Chotsala ndi chimene chimasiyanitsa gitala ndi thabwa la nsambo, ndipo ngakhale khosi logula limachifuna kawirikawiri. Wongolani khosi ndi truss rod, nsambo zisanamangidwe. Pakani maka yakuda pamwamba pa fret iliyonse. Tengani chitsulo kapena thabwa lowongoka bwino lomatidwa sandipepa wosalala, muliyendetse mopepuka kutsata kutalika kwa khosi. Pamene inki yachoka msanga ndi pokwera, pamene yatsala ndi potsika. Pitirizani mpaka inki yachoka paliponse, ndipo imani pomwepo. Kenako fret iliyonse muibwezere msana wake wozungulira ndi tupa, n'kuipukuta iwale, ndipo nsonga zake m'mphepete muzisalaze mpaka chala chidutse osakodwa. Mukamanga nsambo, khosi lisiyeni lipindike pang'ono, kampata ka pafupifupi kota ya milimita cha pa fret ya 7 kapena 8 mutadina nsambo pa fret yoyamba ndi yomaliza. Pa fret ya 12 nsambo yaing'ono italikire cha pa mamilimita 1.6, yaikulu cha pa 2. Timipata ta pa nut tsitsani pang'onopang'ono, kukwecha kawiri n'kuyesa, chifukwa mukapitirira palibe kubweza. Pomaliza chunani nsambo iliyonse, muidine pa fret ya 12. Ikakwera mawu kuposa muyeso, kachitsulo kake kabwerere m'mbuyo. Ikatsika, kapite kutsogolo. Ine ntchito imeneyi imanditengera madzulo awiri, ndipo pakatha mlungu ndimabwerezanso khosi likakhazikika.

M'kalata yanu simunanene kukula kwa thabwa lija. Thupi la gitala wamba limafuna pafupifupi masentimita 33 m'lifupi ndi 45 m'litali. Ngati ndi lopapatiza, lidule pawiri mulumikize ndi guluu, msoko ugwere pa mzere wa pakati. Magitala ambiri a m'fakitale ndi olumikiza chomwecho. Liyezeni, muliike pa sikelo, mundilembere manambalawo pamodzi ndi kutalika kwa nsambo kumene mwasankha, ndipo tidzaone ngati chithunzi chanucho chikukwanapo.